Moyo wa pa Lendi ku Nkhotakota

Munthu akalandira kalata yomusamutsira kunyanja, anzake a kuntchito amamuuza mawu amodzimodzi: "Mwachita mwayi, kumeneko moyo ngotchipa. Nyumba n'zosavuta, ndipo nsomba mudzachita kutopa nazo." Mawuwa si abodza kotheratu, koma kawirikawiri amanenedwa ndi anthu amene anangofikako pa tchuthi, n'kudya chambo, n'kubwerera kwawo. Ine ndakhala pa lendi ku Nkhotakota kuyambira mu 2021, pamene ntchito ya ulangizi wa chitukuko cha m'midzi inandifikitsa kuno pamodzi ndi mkazi wanga ndi ana athu awiri. Ndikufuna kufotokoza mmene moyo wa kuno umakhalira kwa munthu amene alibe malo akeake.

Kwa anzathu a ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare amene sanafikeko, Nkhotakota ili kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi, imene a ku Mozambique amaitcha Niassa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe. Msewu wa M5 wochokera ku Salima kulowera ku Nkhata Bay umadutsa pomwepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti paboma pali anthu opitirira pang'ono 28,000. Malowa anazolowera alendo kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikitsa doko la malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo mpunga wa faya ndi mizikiti yambirimbiri ndi zina mwa zimene nyengo imeneyo inasiya. Anthu amakulozeranibe mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, komanso tchalitchi cha All Saints mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Akuluakulu ankati Nkhotakota si tauni koma mudzi waukulu. Wofuna nyumba ya lendi ayenera kumvetsa mawu amenewa asanatsitse katundu wake m'galimoto.

Ku Lilongwe ndinkalipira lendi kwa munthu amene ndinamuona kawiri kokha pa zaka zitatu. Kuno zimenezo n'zosowa. Nyumba simuipeza pa chikwangwani; mumafunsa anyamata a kabaza, mayi wogulitsa zitumbuwa pa siteji, kapena mkulu wa mpingo. Wa kabaza ndiye ananditengera kwa mayi ena amasiye, achisilamu, amene anali ndi nyumba ya zipinda zitatu pambali pa yawo, komanso mdadada wa zipinda zinayi kuseri. Za ndalama sanayambe nazo. Anandiyalira mphasa, iwo n'kukhala poteropo.

"Kwanu n'kuti, bambo? Mayi akunyumba alipo, kapena mudzatibweretsera achilendo tsiku ndi tsiku?"

Ndinayankha kuti alipo ndipo afika ndi ana mwezi ukatha.

"Chabwino. Kopemphera ndi kwanu, ine sindiletsa. Koma nkhumba ndi kachasu pabwalo langa ayi. Ndipo kukagwa zovuta m'mudzi muno, musadzatseke chitseko ngati muli ku Area 47."

Titagwirizana, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakale la ana asukulu, limene malemu amuna awo anayamba kulembamo. Mdzukulu wawo analemba dzina langa, tsiku, ndi miyezi itatu imene ndinalipiriratu. Ine ndinasaina, mayiwo n'kudinda chala. Ndalama yake inali pafupifupi theka la imene ndinkapereka ku Lilongwe pa nyumba yocheperapo. Mpaka pamenepa, anzanga a kuntchito aja ananena zoona.

Bata nalonso lilipo. Mbandakucha kumamveka kuitana kwa kumzikiti, kenako mabelu a njinga ndi mapazi a amayi opita kudoko ndi mabeseni. Lachisanu masana magolosale ambiri amatseka kwa kanthawi. Usiku wopanda mwezi, nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja moti mlendo angaganize kuti kutsidya kuli mzinda. Nthawi ya dzinja nkhungu zimanyamuka pamadzi ngati utsi wa lupsa. Mu Okutobala kumatentha moti malata amachita kulira, ndipo banja lonse timagona pakhonde m'kati mwa masikito, chifukwa udzudzu wa kuno suchita nthabwala. Ana anga anaphunzira kusambira asanadziwe kupalasa njinga, ndipo mapiritsi a likodzo amene amagawidwa kusukulu sitiwadumphitsa.

Koma kutchipa kuja kumathera pakhomo la nyumba. Mbadwa ya kuno imadya kondowole wochokera m'munda mwake, chigwada chothyola kuseri kwa nyumba, ndi nsomba imene mlamu wake wabwera nayo kudoko. Wa lendi amagula zonse. Chinangwa, chimene ndicho chakudya chenicheni cha kuno, chimakhala m'munda chaka chathunthu kapena kupitirira chisanazulidwe, choncho palibe amene angakubwerekeni munda woti mubzalemo chinangwa, ndipo inunso simungalimbe mtima kubzala pamene simukudziwa ngati chaka chamawa mudzakhala muli pano. Chimanga chambiri chimachokera kumtunda, ku Ntchisi, ku Dowa ndi ku Kasungu, ndipo mtengo wake umabwera utasenza kale ndalama ya galimoto.

Nanga nsomba zotopetsa zija? Chambo chachepa m'nyanja, ndipo chikapezeka, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu amakhala atachidikirira kale padoko ndi ndalama m'manja. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mwera ukamakuntha, mabwato amatha masiku ali pamtunda. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali. Mu Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndipo lamulo limeneli ine ndimalivomereza ndi mtima wonse, ngakhale kuti limamveka m'poto mwanga. Pa nyengo zoterezi timadya nyemba ndi bonya ngati munthu wa ku Dedza, nyanja ili poteropo.

Chaka chachiwiri tinabwereka kachigawo ka dambo kuti tilime mpunga. Sikanali ku sikimu ya mthirira ya ku Bua, kanali ka munthu wamba. Tinakonza migula, tinathira manyowa, ndipo tinakolola matumba okwanira kudya ndi kutumizako kumudzi. Chaka chotsatira mwini dambo anati mwana wake wakula, akufuna kulimapo. Alimi amene amalima minda yobwereka akudziwa nkhani imeneyi bwino kuposa ine. Sindinamuimbe mlandu, malo ndi ake. Ndikungonena kuti pamene ife alangizi timalimbikitsa anthu kubwezeretsa chonde m'nthaka, tizikumbukira kufunsa kaye kuti mundawo ndi wa yani, chifukwa manyowa amapindulitsa chaka chachiwiri ndi chachitatu, ndipo wobwereka nthawi zambiri safikako.

Vuto lomweli limaonekera kwambiri pa chimbudzi. Dothi la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Dzenje lokumbidwa m'chilimwe limagumuka mvula ikalimba, pokhapokha litamangidwa ndi njerwa zootcha kuyambira pansi, ndipo zimenezi zimafuna simenti. Pa poloti pathu panali mabanja asanu ndi limodzi ndi chimbudzi chimodzi chimene chinayamba kupendekeka mu Januwale wa 2022. Masana ndinkayenda m'midzi kuphunzitsa kuti banja lililonse likhale ndi chimbudzi chake ndi mpondagiya wosambira m'manja. Madzulo ndinkabwerera kukaima pamzere. Uthenga wathu wa ukhondo unakonzedwa poganizira munthu wokhala pa malo ake. Wa lendi amati, "Ndimangirenji pa malo a eni, mawa n'kundichotsa?" Mwini nyumba amati, "Ndalama ya lendi ndiyo ndiwo zanga, simenti ndiigula ndi chiyani?" Onse awiri akunena zoona, ndipo ana amapita kutchire kapena kunyanja.

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse ndipo unapha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023. Maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri, ndipo Nkhotakota inali m'gulu lomwelo. Mwana wa mnzathu wa mu mdadada atagonekedwa ku msasa wa odwala kolera, n'kuchira mwa chisomo, tinakhala pansi ndi mayi eni nyumba.

"Amayi," ndinatero, "ine ndigula simenti ndi njerwa, anzangawa akumba ndi kutunga madzi. Koma ndalamayo muzidula pa lendi pang'onopang'ono."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuwerengera pa zala. Kenako anati, "Alangizi, mukadula yonse mwezi umodzi mwandipha. Dulani kwa miyezi khumi."

Mdzukulu uja analembanso m'kope. Tinamanga zimbudzi ziwiri kumtunda kwa poloti, kutali ndi chitsime. Mgwirizano woterewu ndauonapo ukutheka m'malo ena angapo kuyambira pamenepo, ndipo kulikonse kumene unatheka, panali chinthu cholembedwa ndi mboni imene mbali zonse zimaikhulupirira. Kumene anangogwirizana pakamwa, nkhani inathera kwa nyakwawa.

Ndisanene ngati eni nyumba ndi anthu olemera odyera masuku pamutu anzawo. Ambiri amene ndikuwadziwa kuno ndi amayi amasiye, asodzi okalamba amene anagulitsa makoka, kapena makolo amene mwana wawo ali ku Johannesburg ndipo anatumiza ndalama ya malata. Nyumba ya lendi ndiyo penshoni yawo. Ndalama imeneyo ndiyo fizi ya mdzukulu, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndi chopereka cha ku banki mkhonde. Ndiponso si onse okhala pa lendi amene amalipira pakutha pa mwezi ngati ife a malipiro. Mu mdadada mwathu munali alovi awiri ogwira ntchito pa chilimira cha munthu wina, ndi mayi wina wogula usipa, kuuyanika pa thandala ndi kukagulitsa kumtunda. Anthu amenewa amalipira nyanja ikalola. Mwera ukakhalitsa, mayi eni nyumba ankadikira miyezi iwiri kapena itatu osatulutsa munthu, ndipo nthawi zina ankalandira ndowa ya usipa m'malo mwa ndalama. Ku Lilongwe akanapeza loko wina pachitseko. Chifundo chimenechi n'chenicheni, koma chili ndi mtengo wake: zinthu zolipiridwa ndi usipa ndi malonjezo sizinkalowa m'kope.

Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi inakwera kawiri. Mayiwo sanatumize kalata. Anabwera okha madzulo, atanyamula kambale ka mpunga, n'kuyamba ndi kudandaula za mtengo wa sopo ndi shuga. Ine ndi mkazi wanga tinadziwa kumene nkhani ikulowera isanafike. Tinanenerera, anatsitsako pang'ono, tinagwirizana. Za magetsi ndingonena mwachidule kuti mita imodzi ya mayunitsi ikamagwiritsidwa ntchito ndi mabanja asanu ndi limodzi, munthu amene wagula simbi yamagetsi amadziwika ndi mudzi wonse.

Maliro tinkapita, monga anatilangizira. Mkazi wanga ankaphika nawo kusiwa, ine ndinkapereka ya chipepeso ndi kukhala ndi amuna anzanga mpaka usiku, kaya ndi kwa Asilamu kaya kwa Akhristu. Pa Eid ana athu ankadya mpunga wa nyama kwa agogo awo a pa lendi, pa Khirisimasi ifenso tinkatumiza mbale. Pofika chaka chachitatu anthu anasiya kunena kuti "alendo a kwa mayi uje" n'kuyamba kutitchula ndi dzina la mwana wathu woyamba. Munthu umayamba kuiwala kuti mlendo ndi mame.

Chakumapeto kwa Febuluwale 2024 mvula yamphamvu inasefukiritsa mtsinje wa Dwangwa kumpoto kwa boma lino. Anthu zikwizikwi anasowa pokhala ndipo msewu wa M5 unaduka. Pa nthawi yomweyo nyanja inali ikukwera, ndipo pofika mu Epulo inapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene inali isanafikepo kwa zaka zambirimbiri. Sinabwere ndi mkokomo ngati mtsinje. Inkangodya mchenga pang'onopang'ono, lero mathandala, mawa khitchini, mkuja khoma la zidina n'kugwa usiku. Nyumba ya mwana wamkazi wa mayi athu, imene inali kufupi ndi gombe, inagwa sabata yachiwiri ya Epulo. Anafika pa poloti ndi ana anayi, mbuzi, ndi malata amene anatha kupulumutsa.

Patapita masiku atatu mayiwo anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso.

"Alangizi, inu ndinu mwana wanga, mukudziwa. Koma uyu ndinabala ndekha. Ndimuika kuti?"

Funso limeneli linalibe yankho lina. Kuno mwana wamkazi ndiye mwini mbumba ya mawa, ndipo malo a mayi ake ndi ake. Palibe nyakwawa amene akanagamula kuti adzukulu a eni poloti azigona m'kalasi ya sukulu pamene mlendo ali m'zipinda zitatu, ndipo inenso sindikanafuna chigamulo chotero. Chimene chinatsala kukambirana chinali nthawi ndi ndalama. Apa ndi pamene kope lija linagwira ntchito. Linasonyeza kuti ndinali nditalipiriratu mpaka kumapeto kwa Juni. Tinagwirizana pamaso pa nyakwawa kuti banja langa lipanikizane m'zipinda ziwiri, chachitatu alowemo ana a mwana wawoyo, ndipo ife tituluke Juni akatha, ana athu atapeza kaye pokhala pafupi ndi sukulu yawo. Panalibe kukalipirana. Mayiwo analira, mkazi wanganso analira.

Mayi wa usipa uja zake sizinayende choncho. Chipinda chake chinafunidwa kuti mulowe mwana wa eni nyumbayo ndi mwamuna wake. Iye ankati analipira miyezi iwiri ndi ndowa za usipa mu Febuluwale; eni nyumba ankati ndowazo zinali zobweza ngongole ya chaka chatha, ya nthawi ya mwera. Ndikhulupirira kuti palibe amene ankanama mwadala. Aliyense ankakumbukira mbali imene inamupweteka. M'kope munalibe chilichonse chokhudza iye kuyambira mu Okutobala. Anapatsidwa sabata imodzi. Pa nthawiyo mabanja ambiri a kugombe ankasaka zipinda, ndipo lendi ya kumtunda inali itakwera. Thandizo limene linkabwera linkatsata mayina a anthu amene nyumba zawo zinagwa. Iye nyumba yake sinagwe, poti analibe nyumba. Madzi anamusamutsa kudzera pakhomo la munthu wina, ndipo pa mndandanda uliwonse umene ndinauona, munthu wotero analibe mzere wake. Ndinakanena zimenezi ku komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lathu. Anandimvetsera mwaulemu, ena anavomereza kuti mfundoyo ndi yoona, koma mafomu anali atasindikizidwa kale.

Anzanga alangizi, pamene tikulemba mabanja m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kaya ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay kapena ku Metangula kutsidya, tizifunsa pakhomo lililonse kuti ndani mwini ndipo ndani ali pa lendi. Alovi, ogulitsa nsomba, aphunzitsi ongoyamba ntchito ndi achinyamata ogwira ganyu m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ambiri kuposa mmene mabuku athu amasonyezera. Ndipo pamene tikuphunzitsa magulu a banki mkhonde kulemba masheya, tingathe kuonjezerapo tsamba limodzi la mwini nyumba ndi wa lendi: tsiku lolowa, ndalama ya pamwezi, chilichonse choperekedwa ngakhale chikhale nsomba kapena mpunga, wokonza chimbudzi ndi denga, ndi masiku a chenjezo munthu asanatulutsidwe. Loya safunika pamenepa. Kope la masamba 40, cholembera ndi mboni imodzi n'zokwanira. Pepala silikanaletsa nyanja kukwera, ndipo silikanasintha mtima wa mayi wofuna kusunga mwana wake. Likanangopatsa mayi wa usipa uja mwezi umodzi kapena iwiri m'malo mwa masiku asanu ndi awiri.

Ife tinasamukira kumtunda, kufupi ndi msewu waukulu. Nyumba yake ndi yokwera mtengo, mphepo ya kunyanja sifikako bwino, ndipo usiku timamva malole m'malo mwa mafunde. Mwini wake ali ku South Africa. Lendi timatumiza pa foni kwa mchemwali wake, ndipo uthenga uliwonse wotsimikiza kuti ndalama yapita ndimaukopera m'kope langa pamaso pa mchemwaliyo. Mayi athu akale timawaonabe. Mkazi wanga amadutsako popita kudoko, ndipo pa Eid mbale ya mpunga imafikabe, atanyamula mdzukulu yemwe uja wolemba m'kope, amene tsopano ali ku sekondale. Mwana wawo sanabwerere kugombe, chifukwa pamene panali nyumba yake mpaka lero pamadutsa mabwato.

Mayi wa usipa anakhala miyezi itatu kwa mnzake wa mumpingo, ana ake awiri atawatumiza kwa agogo awo ku Ntchisi, kumene wamkulu anabwereza kalasi. Pano ali ndi chipinda china cha udzu kumbali ya ku Chia, ndipo thandala lake analimanganso. Ndinakumana naye pamsika mwezi wathawu, akupima usipa m'kambale. Anandifunsa za ana, ine ndinamufunsa za malonda. Anati mwera wa chaka chino unalimba, ndipo ali ndi ngongole ya miyezi iwiri kwa eni nyumba atsopanowo.